Kakhadi ka Nyimbo Imodzi

Loweruka lapitali masana tinali m'chigafa mwa mkamwini wanga, ine ndi amayi awiri a pamudzi pano, kusankha fodya. Wailesi tinaipachika pamsomali. Muulutsi uja akuti, lero tibwerere m'mbuyo, tikumbutsane nyimbo khumi zimene zinavuta dziko lino chaka chakutichakuti. Chakacho anachitchula, koma ine manambala a zaka sakhalitsa m'mutu mwanga. Zaka ndimazigwira ndi njala, maliro, kapena nyimbo.

Anayambira pa nambala teni n'kumakwera. Inabwera ya wakabaza amene ankanyamula mphunzitsi wamkazi chaka chonse osamulipiritsa, mapeto ake n'kudzamunyamulanso pa tsiku la ukwati wake ndi mwamuna wina. Anzanga aja kuseka, kuimba nawo, mapewa akugwedezeka. Inabwera ya kwaya. Inabwera ina ya anyamata a m'tauni, yongolankhula mothamanga ngati munthu amene njuchi zamulowa m'malaya. Zonsezo anzangawo ankazidziwa mpaka popumira.

"Kodi inu Nambewe mwangoti duu bwanji? Imeneyitu inavuta pano, ngakhale mbuzi zinkaidziwa."

"Ndinali kunja," ndinatero.

Mwa nyimbo za chaka chimenecho, ine ndimadziwa imodzi yokha. Atafika pa nambala wani, gitala atangolira kawiri, tsamba limene linali m'manja mwanga ndinaliponya pamulu wolakwika, ine amene sindisokoneza fodya.

Kunjako ndinapita amuna anga atamwalira. Chinali chaka chimene fodya anatsika mtengo mpaka anthu ankabwera kuokushoni akugwedeza manja okha. Nyumba inali yaudzu, yodontha mpaka pamphasa. Mwana wamoyo ndinali naye mmodzi, Tiyamike, atangotha msinkhu kumene, miyendo ili ngati bango. Ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga Esinati, amene tinkakhala moyang'anizana makomo kuno kwa Njombwa. Ndinati zaka ziwiri zokha, ndifolere malata, mwana aphunzire, ndibwere. Aliyense wopita kunja amati zaka ziwiri.

Amene ananditenga anali Che Jafali, amalonda a pa Santhe, amene ankayenda pakati pa kuno ndi ku Joni kunyamula katundu wa anthu. M'basi tinakhalamo masiku atatu. Potsika mapazi anali atatupa, nsapato ndinazinyamula m'manja. Ine ndinkaganiza kuti Joni ndi tauni yokhayokha ya magetsi. Koma kumene anandisiya kunali kumunda, munda wa malalanje woti maso amatopa usanaone polekezera.

Kapitawo wa kumeneko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi otupa aja. Sitinkamvana chilankhulo. Anangokhuthula dengu la malalanje patebulo n'kuloza, kusonyeza kuti ndipatule abwino ndi oipa. Ndinaseka chamumtima. Maso amene amasiyanitsa tsamba la fodya lofiirira ndi lofiira, lamawanga ndi long'ambika, lalanje lingawavute? Asanamalize kuyatsa ndudu yake, milu inali itatu: abwino, apakati, ndi otaya. Anatola limodzi pa otayawo, kulitembenuza, kulitembenuza, mpaka anapeza kabowo ka ntchentche kamene ndinaona. Mawa lake ndinali palamba.

Lambayo ndi chinthu choyenda chokha, chobweretsa malalanje osatha. Umaima kuyambira m'mawa, manja akungotola, osakhala pansi. Ukatsinzina umaonabe malalanje akudutsa m'zikope. Nyengo yothyola ikatha tinkapita kukapalira m'mizere ya mitengo, dzuwa lake loti ngakhale abuluzi amabisala.

Tinkagona kukomboni, nyumba yaitali ya malata, amayi asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi. Munali a ku Zimbabwe, a ku Mozambiki, ndi ife. Bedi loyandikana ndi langa linali la NyaGondwe, mayi wamtali wa kumpoto kwa Kasungu konkuno, kumene Chichewa chimayamba kupendekera ku Chitumbuka. Ameneyo ankadziwa kuwerenga, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Tsiku loyamba anandiona ndikulira n'kunena kuti, "Lira lero umalize, mama. Mawa misozi imeneyo udzaifuna kuti ukhale thukuta."

Ine kalata sindiwerenga. Pafoni Tiyamike anali wamanyazi. Ndikaimba pafoni ya Esinati n'kuti apatseni mwanayo, iye ankangoti, "Tili bwino amayi." Ndikafunsa za sukulu, "Kuli bwino amayi." Mayunitsi n'kutha tikumvana kupuma. Ndiye mwanayo anapeza njira yake. Chaka chikatha, wailesi ikawerenga nyimbo khumi zimene zavuta, iye ankapalasa njinga tsiku la msika mpaka pa Santhe kwa bambo wobena nyimbo, n'kumuuza kuti aike zonse khumizo m'kakhadi ka m'foni. Kakhadiko ankakakulunga m'pepala, n'kukabisa m'kathumba ka mfutso, n'kupatsa Che Jafali. Kankatipeza chimanga cha kuno chikuyamba ngaiyaye.

Tsiku lofika kakhadi linali Khirisimasi yathu. NyaGondwe ankakalowetsa m'foni yake, foniyo n'kuiika m'ndowa yachitsulo yopanda madzi kuti mawu akule. Lamulungu masana, titachapa, ndowa pakati pa bwalo, ife kuzungulira. Tinkakhala chaka chathunthu m'mbuyo. Nyimbo imene kuno anthu atopa nayo, ana asiya kuiimba popita kumjigo, ife n'kuti tikuiyamba kumene, yatsopano ngati chitenje chosachapa.

Zaka zanga za kumeneko ndimazidziwa ndi makhadi amenewo. Chaka choyamba n'cha nyimbo ya bambo amene anagulitsa fodya n'kusowa milungu itatu, n'kubwera ndi kachitini ka mafuta odzola ndi chifuwa. Imeneyo inatiseketsa mpaka kugwira nthiti, chifukwa aliyense wa ife anali ndi wake womudziwa. Amayi a ku Zimbabwe anaiphunzira osamva tanthauzo, n'kumaiimba palamba kapitawo akudutsa, iye n'kumagwedeza mutu kuyamikira.

Chaka chachiwiri n'cha nyimbo ya kwaya, yoyenda pang'onopang'ono, yonena za munthu amene akufunsa njira ya kwawo. Ndi chaka chimene mapasipoti athu ambirife anali atatha masiku. Tsiku lina kunamveka kuti apolisi ali pageti. Tonse balala m'munda. Ine ndi NyaGondwe tinakwawira pansi pa mtengo wa malalanje, nthambi zake zofika pansi. Mtengo umenewo uli ndi minga, musauone kukoma zipatso. Tinagona chafufumimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nyerere zikutiyenda m'khosi. Ndinamva NyaGondwe akung'ung'udza nyimbo ija chapansipansi.

"Iwe, atimva!"

"Yayi, mama. Akatimva aziti ndi njiwa ya Chipulezibeteriya."

Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Zipsera za minga ija ndikali nazo kumsana kuno.

Chaka chachitatu nyimbo zake zinali zaphokoso, zambiri sindizikumbuka. Chimene ndikumbuka n'chakuti malata anafika pamudzi, Esinati n'kundiuza kuti anthu akuima pamsewu kuona. Ndinati basi ndiwonjezere chaka chimodzi, cha simenti ndi zitseko.

Chaka chachinayi Esinati anandiimbira foni yekha, chinthu chimene sankachita.

"Akulu, kwabwera anthu ochokera kwa Kaomba. Mnyamata wawo waona Tiyamike. Ndi wa mpingo, samwa, ali ndi manja. Akuti adzakhala konkuno."

"Nanga sukulu?"

"Sukulu anailekeza chaka chatha, munauzidwa. Malume ake avomera. Tikudikira inu."

Ndinakhala pabedi foni ili m'manja. Pasipoti yotha masiku ili ndi khalidwe lake: ukangofika nayo paboda amakudinda chidindo choti usadzabwerenso. Kupita ku ukwati kunali kupita konse. Ndinawauza kuti apitirize. Ndinatumiza mapoto, mabulangete awiri, ndi chitenje chabwino cha maluwa agolide choti akasokere mkwati cha kuphwando. Zithunzi zinabwera pafoni ya NyaGondwe. Mwana wanga ndinachita kumufunafuna, anali atasanduka mayi wa masaya. Pampando wa make mkwati panali Esinati, atavala chitenje cha maluwa agolide chija. Ndikanati chiyani? Mpando sukhala wopanda munthu pa ukwati.

Ndiye kanafika kakhadi ka chaka chimene muulutsi uja ankanena Lowerukali.

Che Jafali anabwera monga mwa masiku onse, n'kunditulira kathumba ka mfutso. Lamulungu ndowa pabwalo, amayi azungulira, ena atamanga kale zitenje m'chiuno. Ife tinazolowera kuti kakhadi kamayambira pa nambala teni. Koma inayamba nyimbo ya mtsikana wa mawu opyapyala, gitala mmodzi, ndi ng'oma zothamanga zoti mwendo umanyamuka wokha. Mmodzi wa ife, amene anali atangobwera kuchokera kumudzi, anakuwa kuti, "Imeneyo ndiye nambala wani! Kumudzi kulibe ukwati umene ukutha osaiika."

Mawu ake sanali obisika. Mtsikanayo ankanena kuti ali ndi pakati poyamba, akuopa, ndipo amayi ake ali kutali. Ankawapempha kuti abwere, asabwere ndi kanthu, adzangokhala panja pa chitseko cha chipatala kuti iye adziwe kuti alipo. Koma ng'oma zake! Amene anaikonza anadziwa kuti Amalawi timavina ngakhale nkhani ili ya misozi. Tinavina. Itatha tinadikira yachiwiri. Inayambanso yomweyo. Tinaseka, tinavinanso. Yachitatu, yomweyo. NyaGondwe anatulutsa foni m'ndowa n'kuyang'ana.

"Mwe! Muli nyimbo khumi, koma zonse ndi imodzi."

"Wobena uja wamubera mwana," ndinatero. "Waona kuti ndi wofatsa."

Amayi anadandaula pang'ono kuti chaka chino tadyedwa, koma nyimboyo inali yokoma, moti tinaivina mpaka patapata wanga anaduka chingwe. Madzulo ake ndinaimba foni.

"Tiya, kakhadi kafika! Koma bambo wa pa Santhe uja wakupusitsa mwana wanga, waika imodzi yokhayokha. Komabe watisankhira yabwino. Tavina kuno, fumbi koboo, mpaka patapata waduka!"

Kunali zii. Ndinaganiza kuti netiweki yathawa.

"Tiya?"

"Ndamva amayi. Chabwino."

Anapereka foni kwa Esinati, Esinati n'kunena za mvula. Kuyambira tsiku limenelo ndikaimba, Tiyamike ankakhala ali kudimba, ali kumjigo, ali kutchalitchi. Ine ndinkati ndi ukwati, mwana watanganidwa.

Inapita miyezi iwiri. Nyimbo ija inali italowa m'komboni monse, ngakhale kapitawo ankaiimba ndi likhweru. Malalanje anali atayamba kufiira, nyengo ya lamba ili pafupi, nyengo imene munthu amapezako kenakake. Lamulungu lina masana NyaGondwe ankandiluka tsitsi pamthunzi, mutu wanga uli pakati pa mawondo ake, ndowa ikuimba pambali. Ndinamva zala zake zaima.

"Nambewe, mwana wako anakwatiwa liti?"

"Chaka chatha, anthu atakolola."

"Makhadi anayi onse aja analakwitsapo ngakhale kamodzi?"

"Ayi."

"Ndiye mwana wa sukulu, wodziwa kuwerenga, apalase njinga mpaka pa Santhe, alandire kakhadi, asakayese, akakulunge bwinobwino, akutumizire nyimbo imodzi kakhumi." Anandikoka tsitsi mpaka nkhope yanga inayang'ana kumwamba. "Iwe ndiwe munthu kapena chitsa? Tamvera zimene akunena mtsikanayo!"

Ndinamvera. Mawu omwewo amene ndinawaimba miyezi iwiri ndikutsuka mbale, ndikupalira, ndikusamba.

Kwathu kuno pakati poyamba sitinena. Mtsikana sangaime pamaso pa make n'kutsegula pakamwa kuti amayi ndili chonchi. Ndi make amene amaona: kulavulalavula, kuyera kwa nkhope, kukana ndiwo zimene ankazikonda. Akaona amakauza anamkungwi, iwo ndiwo amabwera kudzamulanga, ndipo pokhapo nkhaniyo imakhala ndi pakamwa. Nanga make akakhala kutsidya kwa maboda atatu, aona ndi maso ati? Ndipo chimene mkazi sangathe kunena, kwathu kuno amachiimba. Ine ndemwe ndinali katswiri wa pamtondo. Amuna anga atayamba kukonda kachasu sindinawakalipire, ndinangowasinja m'nyimbo masiku atatu mudzi wonse ukumva, iwo n'kusiya mpaka kukolola. Ineyo, wodziwa kutumiza mawu m'nyimbo, mwana wanga ananditumizira kakhumi konse, ine n'kumuyankha kuti patapata waduka.

Ndinanyamuka tsitsi lili theka, kukaimba foni kuseri kwa bafa.

"Esinati, undiuze zoona. Mwanayo ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Usandiyankhe ngati ndine mlendo. Ali bwanji?"

"Akulu, zimenezo sitinena pafoni. Mukufuna mphepo imve? Mukanakhala kuno mukanaona ndi maso monga aonera amayi anzanu."

"Anamkungwi anabwera?"

"Anabwera mwezi watha. Anafunsa kuti make ali kuti. Ndinaimirira ndine."

"Kwatsala nthawi yaitali bwanji?"

"Kukamayamba kuzizira muzidziwa kuti zafika."

Nditabwerera pamthunzi paja ndinayamba kuwerenga zala. Ndinati mwina ndigwireko lamba mwezi umodzi, zitseko zija zisanagulidwe. Ndinati ndikapita, ndapita, chidindo chija sichifufutika. NyaGondwe anandikhazika pansi n'kupitiriza kuluka, akukoka mopweteka dala.

"Zitseko sizidzakuitana kuti agogo," anatero. "Ine wanga woyamba anabereka ndili pano. Mdzukuluyo lero akandiona pafoni amathawa. Usandifunse zambiri, ndingakuzule tsitsi."

Kapitawo nditamuuza anangotambasula manja, n'kuloza pageti pamene amayi ena ankadikira ntchito tsiku ndi tsiku. Malo anga anali ndi mwini dzuwa lisanalowe. Che Jafali anali atachoka kale, ndiye ndinadikira ulendo wawo wotsatira, milungu itatu, ndikugona pabedi la NyaGondwe mobisala. Tsiku lonyamuka amayi a m'chipinda mwathu anandipatsa aliyense kake: wina kachipewa ka mwana, wina sopo, wina thewera. NyaGondwe anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anangoti, "Ukafika pa Kasungu ulavule pansi, unene kuti malovu awa ndi a NyaGondwe, akubwera." Mpaka lero sanabwere.

Paboda anandidinda. Wodindayo sanandiyang'ane n'komwe kumaso.

Ndinatsika pamsewu waukulu m'mawa, mphepo ya Juni ikuluma makutu. Minda inali mapesi okhaokha. Nyumba yanga ndinaidutsa, sindinaizindikire ndi malata ake. Nditabwerera, pabwalo panali mnyamata wamtali akukonza njinga. Atandiona ndi sutikesi pamutu anaimirira, kenaka anazindikira, n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ananjuta, chipewa m'manja, nkhope atayang'ana kumbali. Ameneyo ndiye anali mkamwini wanga, kuonana kwathu koyamba, tikulankhulana nkhokwe ili pakati.

"Mwayenda bwanji amayi?"

"Ndayenda bwino bambo. Anzanu ali kuti?"

"Ali kuchidikiro, amayi. Lero ndi tsiku lachisanu. Apita ndi amayi aang'ono."

Sutikesi ndinaitula, ndinatengamo za mwana zokha, iye n'kundipezera wakabaza.

Chidikiro ndi chinyumba cha kuseri kwa chipatala, kumene amayi oyembekezera a kutali amakhala masiku akayandikira, aliyense ndi womudikirira wake amene amati gadiyani. Panja pali mafuwa mbwee, utsi, zitenje zoyanikidwa pawaya. Ndinayenda pakati pa mphasa ndikuyang'ana nkhope imodziimodzi. Ndinayamba kuona Esinati, imvi zitamera m'mbali. Anali atakhala pansi, mapazi a mayi wina ali pamiyendo pake, akuwasisita ndi mafuta. Mayi ameneyo anali Tiyamike.

Anandiona. Anayesa kugwada, mimba n'kumukaniza, anangopinda bondo limodzi atagwira khoma.

"Mwafika amayi? Mwayenda bwanji?"

Moni wake unali wabwino, wa ulemu wonse, umene timapereka kwa abusa akabwera kudzayendera mudzi. Ndinamupatsa kathumba ka zovala za mwana. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kupatsira Esinati osatsegula.

Anesi ankawauza oyembekezerawo kuti aziyendayenda. Mawa lake m'mawa Esinati anati mutu ukumupweteka, ine ndimuyendetse mwanayo. Ndikudziwa kuti mutu sunkapweteka. Tinazungulira mpanda wa chipatala pang'onopang'ono, iye dzanja kumsana, ine pambali osamukhudza.

"Tiya, sindinamve."

"Munamva amayi. Munati mwavina."

"Ndinamva ndi miyendo, makutu anali atagona."

Sanaseke. Anayenda mpaka pamtengo wa mthethe n'kuima kuti apume.

"Ndinapalasa njinga mpaka pa Santhe ndili ndi nseru. Panjira ndinatsika kawiri. Bambo wobena uja anandifunsa katatu kuti, imodzi yomweyi? Kakhumi? Anthu amene anali pabenchi kuseka. Ine ndinati ikani. Ndinkati amayi anga ndi a nyimbo, sadikira kachiwiri."

"Bwanji sunangomuuza Esinati kuti andiuze?"

"Nanga inu, agogo anga munawauza ndi pakamwa?"

Amayi anga anandipeza ndikulavula kuseri kwa khitchini, anangondiyang'ana, n'kupita kwa anamkungwi.

"Ndabwera konse," ndinatero. "Andidinda. Sindibwereranso."

"Chabwino amayi," anatero, n'kuyamba kuyenda.

Ndinakhala pachidikiro masiku asanu ndi limodzi. Esinati ndiye ankadziwa zonse: mbali imene mwanayo amagonera, kuti nyemba zimamutentha pamtima, kuti madzi akufuna ofunda osati otentha. Tiyamike akafuna kanthu ankaitana, "Amayi aang'ono!" ngakhale ine ndili pafupi. Ine ndinatenga zimene zinatsala. Ndinkapita kukatola nkhuni, kutunga madzi, kukoleza moto. Mafoni a magadiyani ankaimba tsiku lonse, koma zinali nyimbo zina, za chaka chatsopano. Zija zisanu ndi zinayi zimene sizinalowe m'kakhadi zinali zitatha kale ntchito, palibe amene ankaziikanso.

Tsiku lina tikupala mbatata, Esinati anati, "Akulu, chitenje chija ndi mwana anandiveka. Ine ndinakana."

"Unakhala bwino nacho," ndinatero. Ndipo zinali zoona.

Zinayamba m'mawa dzuwa litangotentha pang'ono, phala lili pamoto. Tiyamike anaimirira n'kugwira mzati, nkhope itasintha. Tinamugwira uku ndi uku mpaka pakhonde la chipinda chochilira. Nesi anatuluka ndi buku.

"Gadiyani wa Tiyamike!"

Tinayankha tonse awiri.

"Mmodzi. Muno si mu msika. Iwe, alowe ndani?"

Tiyamike anali atatsamira khoma, thukuta lili pamphuno. Sanayang'ane aliyense wa ife.

"Amayi aang'ono."

Esinati anandiyang'ana ngati wapalamula. Ndinamupatsa beseni ndi zitenje, n'kumukankha pang'ono kumsana kuti alowe. Chitseko chinatsekedwa.

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, msana kukhoma. Sindinakwiye. Amene anamusisita mapazi ndi amene anayenera kumugwira dzanja. Gadiyani wina anandiuza kuti phala langa likupserera, ndinati lichotseni mudye. Dzuwa linafika pamapazi panga, linakwera mpaka m'mawondo, linandipitirira. M'katimo munali amayi atatu, ndipo kubuula kwa mwana wanga ndinkakusiyanitsa ndi kwa enawo. Kukamveka, ndinkakanikiza manja pasimenti ngati ndikumuthandiza. Kunalira khanda limodzi, anatuluka gadiyani wina akumwetulira. Kunaliranso lina, si lathu. Kenaka kunakhala chete nthawi yaitali, yoti ndinayamba kutchula maina a ana anga awiri amene ndinaika m'manda, kuwapempha kuti amusiye mnzawoyu. Dzuwa litapendeka kunamveka kulira kwaukali, kosalekeza, ngati munthu amene amulanda malo.

Esinati anatuluka atanyamula beseni lija, lovundikiridwa ndi chitenje. Maso ali ofiira.

"Wamkazi. Onse ali bwino."

Ndinaimirira, miyendo itachita dzanzi, kuti ndilowe. Iye anaima pakhomo ndi beseni lake.

"Nesi akuti tidikire kaye, akumusoka." Anatsitsa mawu. "Akulu, ndimati ndikachape izi. Tiyamike wandigwira mkono. Akuti, ayi, zimenezo mukawapatse amayi."

Zitenje za uchembere sizigwiridwa ndi munthu wamba. Muli magazi a mayi ndi moyo wa khanda, ndipo wa mtima woipa akapezako kansanza kokha akhoza kumutseka mtsikana asadzaberekenso. N'chifukwa chake amazipereka kwa munthu mmodzi, amene wobereka sangamukayikire ngakhale ali m'tulo.

Ndinalandira beseni lija ndi manja awiri. Linali lofunda. Ndinapita nalo kumjigo wa kuseri kwa chidikiro, ndinasankha mwala wa pambali, ndinagwada. Madzi anafiira, ndinakataya m'dzenje, ndinatunganso ena. Mayi wina amene ankatsuka mapoto anandiona ndikuvutika ndi chogwirira cha mjigo.

"Agogo, bweretsani zinazo ndikutsukuluzireni, mwatopa."

Ndinaphimba beseni ndi mkono.

"Mungondipopera madzi, mwana wanga. Izi wapatsa ine."